Apongozi Anatsikira M'matope

Kuyambira tsiku limene Tobias anayamba kutchula Johannesburg ngati ndi kuseri kwa nkhokwe ya amake, Aliness anayenera kudziwa kuti zinthu zayamba kupendekeka. Koma chikondi chimatseka makutu. Awiriwa anakulira limodzi kwa Chiwalo, m'mbali mwa dambo la nyanja ya Chilwa, ndipo kusukulu ankapita onse miyendo ili mbuu. Tobias ndiye anapitirira mpaka kukapeza ntchito ku banki ina ku Blantyre. Aliness anabwerera kwawo kudzaphunzitsa ana a pulaimale. Ankhoswe a mbali zonse anali ataonana kale, ndipo chinkhoswe anachiika mpunga ukadzalowa m'nyumba.

M'chaka chimenecho cha 2005, foni ya m'manja kumudziko inkagwira pamalo amodzi okha, pamwamba pa chulu cha kuseri kwa tchalitchi. Lamlungu lililonse mapemphero akatha, Aliness ankakwera pachulupo n'kuflasha, Tobias n'kuimba.

"Lachinayi ndikubwera," anatero Tobias Lamlungu lina, "koma usandiyembekezere ngati mlendo wa pakhomo. Ndili ndi akuluakulu. Wina wa ku London, wina wa ku Johannesburg, wina wa ku Nairobi. Akufuna aone dambo ndi maso awo."

"Dambo lathu lomweli? Kwawoko matope anatha?"

"Usaseke, iyi ndi dili yaikulu. Pali kampani ikufuna kukumba ngalande, kuika mapampu ndi chigayo cha mpunga. Ngongole yake palibe banki imene ingaisenze yokha. Ndiye mabanki akunjawo asonkherana, aliyense kuponyapo gawo lake, kuti zikavuta asagwe mmodzi. Amati sindiketi. Ndipo tamvera, Aliness, kwa nthawi yoyamba banki yathu ailowetsamo!"

"Yanuyo yaponya gawo lalikulu bwanji?"

Tobias anatsokomola. "Laling'ono. Koma dzina lathu lili papepala limodzi ndi la ku London."

"Aa, ndamva. Ili ngati ng'ombe ya pa Khirisimasi ija timasonkherana kuno. Oponya zambiri amatenga ntchafu, inuyo mulandira mang'ina."

"Iwe sukudziwa kanthu. Akutifuna anthu amenewa. Paokha sangathe kulankhula ndi anthu a minda. Akuti ndalama sizituluka mpaka eni ndime atavomera kusuntha, ndipo ntchito imeneyo aipereka kwa banki yathu. A Howard, bwana wanga, asankha ine."

"Eni ndime ake ati? Amayi ali momwemo?"

"Halo? Aliness? Sukumveka bwino..."

Netiweki ya pachulu inali ndi khalidwe limenelo. Inkakonda kudula mwamuna akafunsidwa funso.

*

Lachinayi lija mvula inakata m'mawa, ndipo dambo lonse linadzaza ndi anthu owokera mpunga. Aliness ataweruka kusukulu anamanga chitenje n'kutsikira ku ndime ya amake, a Belita, mayi wamasiye amene sankalankhula chinthu kawiri.

Magalimoto awiri oyera anaima kumtunda, pansi pa mkuyu. Anthu amene anatsikamo ukanati asochera njira ya ku ukwati. Mzungu wa ku London nkhope inali itapsa kale ndi dzuwa. Wa ku Johannesburg anavala kabudula, bambo wamkulu wandevu. Wa ku Nairobi ankangoyang'ana wotchi. Pambuyo pawo a Howard, mimba patsogolo, ndi mtsikana wa ku banki komweko, Violet, ali ndi magambuti atsopano ndi ambulera yamaluwa. Patsogolo pa onse panali Tobias, tayi pakhosi, nsapato zili waliwali, atakolekera paphewa chikwama cha mzungu. Mwana wa eni ake anaphunzira zaka zonse zija kuti adzanyamule chikwama.

Njira ya m'dambo ndi kamzere ka dothi pakati pa ndime ndi ndime, kokwana munthu mmodzi, uku madzi uku madzi. Alendo aja atafika pakatikati, kutsogolo kwawo kunatulukira a Belita akuchokera ku nazale, mtolo wa mbande uli pamutu, madzi akuyenderera kumsana.

Mwana aliyense wa kwa Chiwalo amadziwa chimene mkamwini amachita akakumana ndi apongozi ake aakazi panjira. Amapatuka akadali patali, kaya kuli minga kaya kuli madzi, n'kunyonyomala maso ali pansi, akuwomba m'manja mpaka apongoziwo adutse. Tobias ankadziwa bwino lomwe. Anaima. Azimayi a m'ndime zonse anaweramuka, mbande zili m'manja. Aliness anali wotsimikiza kuti bwenzi lake lichita chimene linabadwa likuona.

Tobias anayang'ana matope, anayang'ana nsapato zake, n'kucheukira mzungu.

"Tiyeni, Tobias," anatero a Howard. "Alendo akupsa ndi dzuwa."

Ndiye mnyamata uja, ali chiimire, maso ali pankhope pa a Belita, anati, "Tipatseniko njira, mayi."

A Belita dzanja lina anagwirira mtolo, linalo anakwinyira chitenje, n'kutsikira m'matope mpaka m'mawondo. Mzere wonse unadutsa. Mzungu wa ku London anaima pang'ono n'kuwajambula, poti kwa iye chinali chithunzi chokongola. Violet anapendeketsa ambulera n'kunena kuti, "Zikomo agogo." A Belita anakhala momwemo mpaka womaliza atadutsa, kenaka analavulira m'madzi n'kukwera.

*

Alendo atabwerera pansi pa mkuyu anatsegula bokosi la zakumwa zozizira. Aliness anafika pomwepo miyendo ili ndi matope ake, sanasambe dala. Woyamba kumuona anali Violet.

"Mayi, ngati ndi matemba, tagula kale."

"Ndikufuna Tobias."

Violet anamuyeza ndi maso kuyambira pa duku mpaka ku zala za kumapazi, pang'onopang'ono, kuti mwini wake aone kuti akuyezedwa. "Oo, ndinu aja a pachulu? Timakumvani tikalowa ku ofesi Lamlungu, amachita kufuula kuti mumve. Ine ndimayesa amalankhula ndi azakhali ake." Anatembenuka. "Tobi! Alendo ako."

Aliness dzina limenelo anali asanalimvepo. Kumudzi anapita ali Tobias, m'tauni anakamudula mchira.

Tobias anamukokera kuseri kwa galimoto. "Aliness, tsitsa mawu."

"Nditsitse mawu ine? Iwe mawondo akukanika kutsika."

"Umafuna nditani? Ndinyonyomale m'matope pamaso pa anthu a ku London? Ukudziwa mmene amationera anthu amenewa? Pamitingi amatikhazika kumapeto kwa tebulo, pafupi ndi khomo. A Howard akayamba kulankhula, iwo ndi pamene amathira tiyi. Wa kabudula uja anandifunsa ngati banki yathu ili ndi makompyuta. Ndikanagwada paja, akanakaseka mpaka kwawo kuti taonani anthu amene talowa nawo m'ngongole."

"Ndiye poti iwo amakunyoza, iwe unafuna wako woti umunyoze, n'kupeza amayi anga."

"Si choncho."

"Ndi bwanji? Unawayang'ana m'maso, Tobias. Unawatcha mayi ngati wogulitsa mandasi pa depoti."

"Ndikonza. Ndipatse nthawi, dili imeneyi ikangodutsa..."

A Howard analiza hutala. Tobias anati agwire dzanja la Aliness, koma ataona matope a m'zikhatho anangomugwira chigongono, n'kuthamangira galimoto. Violet anasendera kuti akhale pambali pake, ndipo anasendera pang'ono pokha.

*

Madzulo dzuwa lisanalowe, a Belita anakhala pakhonde akukwecha miyendo ndi mwala. Mlongo wawo, a Thomson, amene anali nkhoswe ya Aliness, anafika pa njinga atavala chipewa chatsopano chimene anthu a kampani ankagawa pansi pa mkuyu.

"Achemwali, nkhaniyi ndaimva," anayamba motero. "Koma ndi ana a masiku ano awa. Komanso mnyamatayo anali pantchito. Tisathamangitse chitukuko chifukwa cha matope."

"Achimwene, vulani kaye chipewacho, ndi chimene chikulankhula."

A Thomson anachivula n'kuchiika pa bondo.

"Bambo ake a mwanayu," anapitiriza a Belita, "anagwera m'chitedze popatukira amayi athu. Anakanda thupi mpaka kutupa, koma sanadandaule. Uyu akuopa matope amene anamulera? Amake ankagulitsa makaka pa Nambazo kuti iye adzavale chingwe chija pakhosi. Lero ndi mzungu wa kwa Chiwalo. Akuluakulu sananame, mkamwini ndi mlamba, sachedwa kuterereka. Uyu waterereka asanalowe n'komwe m'mono."

Aliness anagwada patsinde pa khonde. Anali ndi manyazi ndi mkwiyo, koma pansi pa zonsezo chikondi chinali chikhalire, ndipo chimenecho ndi chimene chinkamupweteka kwambiri.

"Amayi, walakwa, sindikumuikira kumbuyo. Koma ndimamukonda."

"Kukonda ndi kwako. Pakhomo pano ndi panga." Anathira madzi m'miyendo. "Dambo lonse laona, ndiye dambo lonse lionenso. Loweruka lino abwere ndi nkhoswe yake ndi tambala, adzapepese pabwalo pano dzuwa lili pamutu. Akapanda kubwera, achimwene, mutenge kafoni kamene anagulira mwanayu mukabweze kwawo, ndipo za chinkhoswe zithere pomwepo."

*

Lachisanu Aliness sanadikire Lamlungu. Anakwera pachulu n'kuflasha mpaka Tobias anaimba. Anamuuza mawu a amake osachotsapo kanthu.

"Loweruka?" Tobias mawu anasintha. "Aliness, Loweruka tikunyamuka pa Chileka. Lolemba mabanki onse akusainirana ku Johannesburg, ndipo a Howard andisankha kuti ndiwaperekeze. Ndi koyamba kukwera ndege ine. Auze amayi Loweruka linalo."

"Kawauze wekha. Si unaphunzira kuwayang'ana m'maso?"

"Ndikapanda kupita, mpando umenewo atenga Violet. Wakhala akuufuna kuyambira kale."

"Kumeneko ukukatani kwenikweni? Ukasaina ndi iwe?"

"Ayi, asaina ndi mabwana. Ine ndikanyamula mapepala."

Aliness anaseka, koma kuseka kopanda chimwemwe. "Chikwama cha mzungu unanyamula kuno sichinakukwane, ukufuna ukanyamulenso mapepala kunja. Pita, Tobi. Ukajambulitse pafupi ndi ndege, anthu adzaone. Ine amalume adzabweza foniyi kwa amako."

"Usandiopseze, Aliness."

"Sindikuopseza. Ndikulira, kungoti sukundiona."

Anadula yekha, osadikira netiweki. Anakhala pachulupo nthawi yaitali akuyang'ana phiri la Michesi, akudzida chifukwa chofunabe munthu amene anachititsa manyazi amake.

*

Loweruka anthu anayamba kusonkhana pabwalo la a Belita kukadali m'mawa. Palibe anawaitana. Ena anabwera kudzabwereka sefa, ena kudzapempha moto, ndipo atalandira sanachoke. Ambiri anabwera kudzaona mmene mtsikana wophunzira amasiyidwira.

Aliness anazemba n'kukakwera pachulu, kuti mwina pali uthenga. Unalipo, koma wochokera pa nambala yachilendo. "Zikomo mayi a pachulu. Mpando wa pawindo ndi wanga. Musungeni bwino mlimi wanuyo, akakutopetsani mundibwezere. Violet."

Anauwerenga kawiri asanamvetse. Atamvetsa anatsika chulu chija chothamanga.

Dzuwa likuyandikira pamutu, njinga ziwiri za kabaza zinatulukira pa njira ya ku Nambazo. Pa yoyamba panali amalume ake a Tobias. Pa yachiwiri panali Tobias mwini wake, wopanda tayi, atavala patapata, tambala woyera ali m'khwapa. Tambalayo anali atamuipitsira kale malaya, ndipo azimayi anaonetsetsa kuti aliyense waona.

Anatsikira patali. Anayenda chowerama mpaka m'mphepete mwa bwalo, ananyonyomala maso ali pansi, n'kuyamba kuwomba m'manja. A Belita anakhala pamphasa atamufulatira, monga mwa mwambo, ndipo mawu onse ankadzera mwa ankhoswe. Anamusiya awombe mpaka zikhatho zinafiira.

"Afunseni apongoziwo," anatero a Belita kwa a Thomson, "kuti azungu awo awasiya ndi yani lero? Chikwama anyamula ndani?"

Anthu anaseka. Tobias anayankha kudzera mwa amalume ake. "Auzeni amayi kuti ndinalakwa. Ndinachita ngati mwana wopanda kwawo."

"Auzeni kuti kwawo ali nako, ndi iwo anakuiwala."

Komabe tambala analandiridwa. A Thomson anamupereka kwa mlongo wawo, ndipo azimayi awiri atatu analuluta. Aliness misozi inatsika. Mwamuna wake anasiya ndege chifukwa cha iye, ndipo pa nthawi imeneyo anamukhululukira zonse, ngakhale dzina lodulidwa mchira lija.

Anthu anayamba kudzuka poyesa kuti zatha. A Belita anakweza dzanja.

"Sizinathe. Munthu akalowa pakhomo amamuonetsa polima. Aliness, tenga khasu la malemu bambo ako. Tiyeni kudambo."

*

Gulu lonse linatsikira kudambo, a Belita patsogolo, Tobias kumbuyo kwenikweni monga mkamwini. Anadutsa ndime zowokera kale mpaka kumunsi, pamene mtsinje umalowera m'dambo. Pamenepo panali ndime yaikulu ya dothi lakuda, yabwino kuposa zonse za banja lawo, imene madzi sankaphwa ngakhale chaka cha chilala. Pakati pake panali chikhomo chachitsulo chopaka utoto wofiira, chimene anthu oyeza malo a kampani anakhoma dzulo lake osapempha munthu.

Tobias atachiona, nkhope inagwa. Mapu a kampani ankawadziwa pamtima. Pamenepo ndi pamene pankayenera kukhala pampu yaikulu, pakamwa pa ngalande yonse. Popanda ndime imeneyo ngalande kulibe, ndipo popanda ngalande mabanki a ku London, Johannesburg ndi Nairobi sakanatulutsa kalikonse. Banki yake yaing'ono ija anailowetsa m'gululo chifukwa cha ntchito imodzi yokha, yoti eni ndime ngati imeneyi avomere.

A Belita anaima atamufulatirabe.

"Achimwene, auzeni apongozi kuti ndime iyi anandisiyira amayi, iwonso anawasiyira amawo. Ndi ya Aliness ndi ana amene adzabereke. Kuyambira lero wolima ndi iwo. Kwathu kuno mkamwini salankhula za malo, koma ine ndawapatsa pakamwa, anthu onsewa ndi mboni. Mabwana awo akabwera kudzaipempha, asadzandifune ine. Ine ndine mayi wongopatsa anthu njira. Adzayankhe ndi iwo."

A Thomson anabwereza mawuwo monyinyirika, chipewa chili m'thumba.

"Auzeninso kuti akaikana kampaniyo, za ntchito yawo adziwa okha. Akaipereka, apereke, sindidzawaletsa. Koma mwana wanga adzamusiye pomwe anamupeza."

Panalibe woseka tsopano. Aliness anayenda pa kamzere kaja mpaka pamene panali Tobias, anagwada, n'kumutambasulira khasu ndi manja awiri. Ankamwetulira, misozi isanaume. Munthu amene wasiya ndege, anaganiza motero, khasu silingamulemere.

"Landira, Tobias," ananong'ona. "Anthu akuona."

Manja a Tobias sanasunthe. Maso ake anali pa chikhomo chofiira chija. Kenaka anawerama, n'kulankhula motsitsa kuti amve Aliness yekha.

"Aliness, tawafunsa amayi. Kodi palibe ndime ina?"

Koma m'dambo mawu amayenda pamadzi. A Belita anamva, ndipo kwa nthawi yoyamba tsiku limenelo anaseka, kuseka kwa m'mphuno, osacheuka n'komwe.

"Mwana wanga," anatero, "manja akatopa utsitse. Khasulo bambo ako ankalinyamula okha."

Aliness sanatsitse. Anakhala chigwadire, khasu lili m'mwamba, akudikira mwamuna amene ankayang'anabe kumbali.